Mlandu Suwola: Zimene Filimu ya Mississippi Burning Imaulula ndi Kubisa

Aliyense amene anakhalapo m'nyumba yoonetsera mafilimu pamsika kapena padoko amachidziwa chithunzi ichi: munthu waphedwa, apolisi a m'deralo akungozungulirazungulira, kenaka patulukira amuna a masuti akuda, aonetsa timakhadi, atchula zilembo zitatu zija, FBI, basi nkhani yonse yalowa m'manja mwawo. Poona zimenezi kawirikawiri, ambiri timaganiza kuti apolisi a ku America anasanjika ngati makwerero, kuti wapamwamba akalankhula enawo amangoti inde bwana. Sizili choncho ayi. Filimu imene imaonetsa bwino kuti sizili choncho, komanso n'kutisocheretsa pa mfundo ina yaikulu, ndi Mississippi Burning, imene Alan Parker anaitulutsa mu 1988.

Kwathu kuno apolisi ndi gulu limodzi. Wa ku Mangochi ndi wa ku Karonga amavala zofanana, ndipo onse ali pansi pa mkulu mmodzi ku Lilongwe. Ku America kuli magulu a apolisi pafupifupi 18,000, lililonse ndi mkulu wake ndi malire ake. Mzinda uli ndi apolisi ake, amene amayankha kwa akuluakulu a mzindawo. Kaunti, dera limene tingaliyerekeze ndi maboma athu monga Salima kapena Nkhotakota, ili ndi sherifu. Dzinali lisatisokoneze: kwathu sherifu ndi amene amalanda katundu khoti likalamula, pomwe kumeneko ndi mkulu wa apolisi ndi ndende ya kaunti, ndipo m'madera ambiri amasankhidwa pa chisankho. Kenaka pali zigawo 50, chilichonse ndi malamulo ake, makhoti ake ndi bwanamkubwa wake. Boma lalikulu la ku Washington lili ndi magulu akeake, FBI kukhala lodziwika kwambiri, koma amenewa amasamala za malamulo a boma lalikulu okha, monga milandu yodutsa malire a zigawo, yochitikira pa malo a boma lalikulu, kapena yophwanya ufulu wa nzika. Kupha munthu, kumene ife tingati ndiwo mlandu waukulu koposa, nthawi zambiri ndi mlandu wa chigawo. Mkulu wa FBI sangachotse sherifu pa ntchito, ndipo sangamulamule.

Nanga ngati wakupha ali mu ofesi ya sherifu momwemo? Funso limeneli linafunsidwa ndi magazi ku Neshoba County, m'chigawo cha Mississippi. Pa 21 June 1964, anyamata atatu amene ankathandiza anthu akuda kulembetsa m'kaundula wa voti anapita kukaona tchalitchi cha Mount Zion chimene gulu la Ku Klux Klan linali litatentha. Anali James Chaney, wa zaka 21, wakuda wa ku Meridian, ndi azungu awiri ochokera ku New York, Andrew Goodman wa zaka 20 ndi Michael Schwerner wa zaka 24. Wachiwiri kwa sherifu, Cecil Price, anawagwira ponena kuti Chaney wathamangitsa galimoto, nawatsekera m'tauni ya Philadelphia. Usiku anawatulutsa, kenaka anawatsatira pamsewu n'kuwapereka kwa anzake a Klan, amene anawaombera. Mitembo inapezeka pa 4 August, patapita masiku 44, itakwiriridwa m'khoma la damu.

Parker anasintha maina ndi malo, Neshoba n'kukhala Jessup County, ndipo anaika patsogolo apolisi awiri a FBI. Ward, amene Willem Dafoe amasewera, ndi wachinyamata wokhulupirira buku la malamulo. Anderson, amene Gene Hackman amasewera, anakhalapo sherifu ku Mississippi komweko, ndipo amadziwa kuti m'tauni yaing'ono zoona zimamveka kometera tsitsi kuposa mu ofesi. Pamene filimuyi ikuonetsa awiriwa akugunda pa khoma, imachita bwino kwabasi. Sherifu amawalandira ndi kumwetulira kwa munthu wodziwa kuti alendo alibe mphamvu pa iye. Mboni ikalankhula masana, usiku nyumba yake imayaka. Otentha nyumba akafika pamaso pa woweruza wa m'deralo, amatuluka osalowa m'ndende. Woonera amamva m'mafupa kuti wapolisi, meya, woweruza ndi wa Klan amadyera m'mbale imodzi, ndipo kuti timakhadi ta ku Washington sititsegula khomo lililonse. Kamera ya Peter Biziou, imene inapata mphoto ya Oscar, imachititsa moto wa usiku kukhala woopsa kuposa mawu alionse.

Vuto likuyamba pamene filimuyi ikufuna kugumula khomalo. Njira ya Ward ikalephera, Anderson amapatsidwa mpata wochita zake. Meya amabedwa n'kuopsezedwa ndi lumo m'kanyumba ka m'tchire, ndipo womuopsezayo ndi wa FBI wakuda, pa nthawi imene m'gululo anthu akuda anali ochepetsetsa. Wachiwiri kwa sherifu amamenyedwa kometera tsitsi. Woonera amaomba m'manja, pakuti wazunza anzake walawa zake. Komatu tikafatsa, filimuyi ikutiphunzitsa kuti lamulo likamanga manja wapolisi wabwino, iye alitaye. Kodi si maganizo omwewo amene Price anali nawo usiku uja? Nayenso ankaona kuti zimene akuteteza ndi zazikulu kuposa lamulo.

Zimene zinachitikadi n'zosatenthetsa magazi chotero, koma n'zophunzitsa kwambiri. FBI inafufuza kwa miyezi, inapeza otsina khutu, ndipo ena mwa a Klan anaulula. Koma chigawo cha Mississippi, mwini wa mlandu wakupha, sichinazenge aliyense. Maloya a boma lalikulu anachita kufukula lamulo la mu 1870, loletsa kupangana chiwembu cholanda nzika ufulu wake. Woweruza William Harold Cox anataya mbali yaikulu ya milanduyo, mpaka khoti lalikulu la dziko lonse linaibwezeretsa mu 1966. Mu October 1967, pa amuna 18 amene anazengedwa ku Meridian, asanu ndi awiri anapezeka olakwa, kuphatikizapo Price ndi mtsogoleri wa Klan, Sam Bowers. Sherifu Lawrence Rainey anamasulidwa. Zilango zinali za zaka zitatu mpaka khumi, ndipo palibe amene anakhala m'ndende kupitirira zaka zisanu ndi chimodzi. Anthu atatu anaphedwa, koma palibe amene anaweruzidwa pa mlandu wakupha. Filimu imatchula zilangozi kumapeto mothamanga, ngati chipambano, pomwe pamenepa ndi pamene panagona nkhani yonse.

Cholakwa chachiwiri n'chokulirapo. Mu filimuyi anthu akuda amalira, amaimba, amathawa ndi kuyembekezera mpulumutsi. Pa chifukwa chimenechi ambiri amene anamenya nkhondo ya ufulu, kuphatikizapo Coretta Scott King, anaidzudzula. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene anatsegula chitseko ku Mississippi anali anthu ngati Medgar Evers, amene anaomberedwa pakhomo pake mu 1963, ndi Fannie Lou Hamer, amene anamenyedwa koopsa m'ndende ya ku Winona chaka chomwecho. Pa nthawiyo, mwa anthu akuda 100 alionse oyenera kuvota m'chigawocho, olembetsa sankakwana asanu ndi awiri. Pamenepa pali chinsinsi cha mphamvu ya sherifu: ankasankhidwa ndi azungu okha, ndipo nzika zogamula milandu m'khoti nazonso zinali azungu okhaokha. Choncho amene ankalembetsa mavoti ndiwo ankakumba muzu wa vutolo, osati amene anabwera ndi timakhadi.

Ndipo FBI ya nthawi imeneyo sinali mngelo. Mkulu wake, J. Edgar Hoover, ankanenetsa kuti gulu lake ndi lofufuza, silolondera omenyera ufulu, ndipo anachita kukankhidwa ndi Pulezidenti Lyndon Johnson kuti atumize anthu ambiri ku Mississippi. Chaka chomwecho cha 1964, gulu lomwelo linkamvetsera mobisa zolankhula za Martin Luther King ndipo linamutumizira kalata yopanda dzina yofuna kumuthyola mtima. Pofunafuna atatu aja, ofufuza anavuula mitembo ya anyamata ena awiri akuda, Henry Dee ndi Charles Moore, amene kusowa kwawo sikunagwedeze dziko. Mlandu wawo unagona mpaka 2007, pamene James Ford Seale anapezeka wolakwa m'khoti la boma lalikulu. Chimene chinapatsa khotilo mphamvu n'chakuti anyamatawo anawaolotsa malire kulowa nawo ku Louisiana asanawamize. Mzere wa pa mapu ndiwo unasankha khoti, ndipo khoti ndilo linasankha ngati chilungamo chioneke.

Tisafulumire kunena kuti mankhwala ake ndi kuika apolisi onse m'dzanja limodzi. Akanakhala onse pansi pa Hoover, King akanadandaula kwa yani? Kugawa mphamvu kunabisa akupha ku Neshoba, koma kugawa komweko kumasiya khomo lachiwiri loyamba likatsekedwa. Popeza chigawo ndi boma lalikulu amatengedwa ngati maulamuliro awiri osiyana, munthu angazengedwe ndi onse awiri pa chochita chimodzi. Apolisi amene anamenya Rodney King ku Los Angeles anamasulidwa pa milandu pafupifupi yonse m'khoti la chigawo mu 1992, koma awiri a iwo anamangidwa ndi khoti la boma lalikulu mu 1993. Derek Chauvin, amene anapha George Floyd mu 2020, anaweruzidwa m'makhoti onse awiri. Khomo lachiwirilo ndi lopapatiza, limachedwa kutseguka, komabe lilipo.

Pali chinthu chimodzi chimene sitingaimane filimuyi. Mtolankhani Jerry Mitchell wa ku Jackson ataionera, anayamba kufukula milandu yakale ya Klan, ndipo ntchito yake inathandiza kuti chigawo cha Mississippi chichite zimene chinakana mu 1964. Edgar Ray Killen, mlaliki amene anakonza chiwembu cha usiku uja, anapulumuka mu 1967 chifukwa mmodzi mwa ogamula 12 anakana kumanga mlaliki. Pa 21 June 2005, patatha zaka 41 zenizeni, khoti la ku Neshoba County komweko linamupeza wolakwa pa imfa za atatuwo ndipo linamupatsa zaka 60. Anafera m'ndende mu 2018. Pa ogamula a ulendo uno panali akuda ndi azungu.

Filimuyi ndi yoyenera kuionera, ngakhale kuti nkhanza ndi mawu ake sizoyenera ana. Koma poionera, maso asathere pa lumo la Anderson. Funsani pa chochitika chilichonse kuti mlanduwu mwini wake ndani, anamusankha ndani, ndipo akakana kuuzenga wolira apita kuti. Mlandu wa Chaney, Goodman ndi Schwerner sunawole, koma amayi ake a Chaney ndi a Goodman anaudikira mpaka imvi, ndipo makolo ake a Schwerner anamwalira asanauone.