Mphekesera za anamapopa: kafukufuku wathu akufunsa funso lolakwika

Malipoti ambiri a kafukufuku wa zaumoyo amatha ndi mfundo imodzimodzi: anthu akukana katemera kapena kuyezetsa magazi chifukwa cha mphekesera, choncho akufunika kuphunzitsidwa. Mfundoyi ndi yosavuta kulemba, ndipo ndalama za zikwangwani ndi zimkuzamawu zimapezeka msanga. Koma mlangizi wa zaumoyo amene amayenda m'midzi ya kwa Kanduku ku Mwanza akudziwa kuti mayi wobisa mwana tsiku la katemera uthenga adaumva kale. Amene akumukayikira ndi wobweretsa uthengawo.

Malipotiwa amafunsa kuti munthu adafika kalasi yanji ndipo amamvera wailesi kangati. Safunsa ngati m'nkhokwe muli chimanga, kapena ngati adapeza mankhwala ulendo wathawu kuchipatala. Chikhalirecho mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti nkhani za opopa magazi zimakonda kubuka pamene anthu ali pa mavuto a zachuma.

Pakati pa 1968 ndi 1970, anthu ataphedwa modabwitsa ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, kudamveka kuti boma likutenga magazi kuti libweze ngongole ku South Africa. Mu 2002 kudagwa njala yoopsa chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo chaka chisanathe anthu a m'chigawo cha kummwera ankanena kuti magazi awo akusinthanitsidwa ndi chakudya cha thandizo. Mu 2016 anthu oposa 6 miliyoni adafunika thandizo la chakudya. Chaka chotsatira anamapopa adamvekanso ku Mulanje ndi Phalombe, anthu adaphedwa powaganizira, mpaka bungwe la United Nations lidachotsako antchito ake. Pa nthawi zitatu zonsezi palibe wopopa magazi adapezeka. Koma taonani zimene mphekeserazo zinkanena: wina wamphamvu akulemera ndi thupi la wosauka.

Luise White, katswiri wa mbiri yakale, adafotokoza zofanana ndi izi m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires. Iye adasonkhanitsa nkhani za mumiani ku Kenya ndi banyama ku Northern Rhodesia, naonetsa kuti anthu ankazigwiritsa ntchito pofotokoza momwe ulamuliro wa atsamunda unkawadyera masuku pamutu. Ubwino wa bukuli ndi woti limatiphunzitsa kumvetsera tisanaseke. Kuperewera kwake kwa ife ndi koti limanena za kale, ndipo silingathandize mlangizi amene wazunguliridwa ndi anyamata onyamula zibonga. Kumvetsa gwero la mphekesera sikutanthauza kuivomereza. Amene amafa pa chipwirikiti chotere kawirikawiri ndi alendo, odwala khunyu kapena matenda a maganizo, osaukanso anzathu.

Tisathamangirenso kunena kuti umphawi wokha ndiwo umabala mphekesera. Nthawi ya Covid-19 nkhani zoti katemera ndi chizindikiro cha 666 zinkafala pa WhatsApp pakati pa anthu ophunzira a m'tauni. Ndipo amayi osauka ambiri salephera kupita ndi ana kusikelo mwezi ndi mwezi, chifukwa mlangizi wawo amamudziwa ndi dzina. Umphawi umamupangitsa munthu kukhala tcheru; chomwe chimamuuza woti amuope ndi zimene adaonapo kale.

Apa ndi pamene ochita kafukufuku ku Mwanza ayenera kusamala. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adapezeka atafa panjira ya ku Thambani m'boma lomwelino. Boma lidalengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Patatha zaka zoposa khumi, bungwe lofufuza lidapeza kuti adachita kuphedwa. Agogo a kwa Kanduku amene akukumbukira zimenezi sangamve mawu oti "boma latsimikiza" ngati momwe wolemba lipoti amayembekezera. Onjezanipo kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, ndi kutsika mphamvu kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komwe kudakweza mtengo wa feteleza pamene wogula manachesi pamsewu akukakamirabe mtengo wake. Nanga poti chipata cha Zobue chili pafupi, nkhani za ku Mozambique zimafika m'mudzi chikalata cha ku ofesi chisanalembedwe.

Kafukufuku wothandiza akadafunsa kuti anthu amakhulupirira ndani, adasiya liti kukhulupirira, ndipo chidachitika n'chiyani. Akadabwezanso zotsatira kumudzi. Magulu ambiri amatenga magazi a anthu n'kupita osabweranso, kenako timadabwa anthu akafunsa kumene magaziwo adapita.

Inu alangizi ndi odzipereka simungatsitse mtengo wa chimanga, koma zina zili m'manja mwanu. Yambirani kwa amfumu ndi komiti ya zaumoyo, ndipo muziyenda dzuwa likadalipo. Onetsani kuchuluka kwa magazi amene mukutenga, nenani kumene akupita ndi tsiku lobwera zotsatira, tsikulo likafika mubweredi. Mankhwala akatha nenani kuti atha. Munthu akakuuzani za anamapopa, mufunseni kuti adamva kwa yani ndipo akuopa chiyani, kenako kauzeni okuyang'anirani tsiku lomwelo.