KABUKU KA NGONGOLE

Tikamayenda m'misika ya ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, timaona zitseko zambiri za magolosale zili chitsekere, dzina la mwini wake likuonekabe pakhoma koma m'kati muli mileme yokhayokha. Tikafunsa chimene chidagwetsa malondawo, yankho limabwera msanga: mwini wake sadapirire. Ifenso ansembe tanena mawu omwewo kawirikawiri pa guwa, ndipo tawonjezerapo mwambi wakuti tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Lero tifuna kuweruza chiphunzitso chathu chomwechi, chifukwa tikuona kuti chimasenzetsa mlandu wonse munthu mmodzi.

Tiyerekeze mnyamata amene waphunzira ukalipentala pa sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete. Wagulitsa mbuzi ziwiri kuti apeze mpamba, wagula sowo, pulena ndi matabwa, wamanga chisakasa m'mbali mwa mseu wa ku Mchinji. Mavuto ena akuwadziwa kale. Ndalama kuno zimaoneka pamene fodya wapita ku okushoni ku Kanengo ndi pamene mtedza ndi soya zagulitsidwa. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale palibe wogula mpando, pakuti aliyense akusaka chimanga. Mu Novembala 1923 sitidali ndi kwacha, koma mu Novembala 2023 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo misomali, guluu ndi vanishi zidakwera mtengo nthawi yomweyo. Zonsezi mmisiri wolimba mtima angathe kuzipirira.

Chimene chimamugwetsa chili m'kabuku kamene amalembamo ngongole. Atsibweni adatenga chitseko, adzalipira akagulitsa fodya. Alamu adatenga bedi. Pagwa maliro, bokosi akhome iye, ndipo kufunsa mtengo pa siwa ndi mwano. Ngakhale ife a ku tchalitchi timamuitana kuti akonze mabenchi, n'kumuthokoza pa zolengeza za Lamulungu osampatsa kanthu. Akakumbutsa mwaulemu, timati ndalama zamulowa m'mutu, waiwala kuti chibale n'fupa sichiola. Mpamba ukatha amathamangira kwa a katapila, ndipo chaka chisanathe sowo ndi pulena zili pachikole. Tsono ife amene maina athu ali m'kabukumo ndife timayamba kunena kuti mnyamatayu adalibe chipiriro.

Kupirira ndi ukoma weniweni, ndipo sitikuunyoza. Paulo Woyera adasoka mahema ku Korinto pamodzi ndi Akwila ndi Prisila kuti asalemetse anzake. Papa Piyo XII adakhazikitsa chaka cha Yosefe Woyera Mmisiri pa 1 Meyi mu 1955, ndipo Papa Yohane Paulo II, m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981, adaphunzitsa kuti malipiro oyenera ndiwo muyeso wa chilungamo pakati pa anthu. Choncho kulalikira chipiriro kwa wogulitsa, osalalikira chilungamo kwa wogula, ndi kuphunzitsa theka la Katekisimu. Lamulo lachisanu ndi chiwiri limaletsanso kusunga dala zimene tidakongola.

Wamalonda nayenso ali ndi mbali yake. Alekanitse thumba la bizinesi ndi thumba la pakhomo, alembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo aphunzire kukana mwaulemu. Kuthandiza m'bale wosauka ndi ntchito yachifundo, koma apereke kuchokera pa phindu, mpamba usakhudzidwe, chifukwa wodya mbewu sadzakolola. Asayende yekha. Mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene Eklezia adathandiza kuwayambitsa m'dziko muno ndipo adagwirizana kupanga MUSCCO mu 1980, pamodzi ndi banki m'khonde za m'midzi mwathu, ndi populumukira pabwino kuposa katapila.

Abale okondedwa, pa msonkhano wa mphakati mwezi uno tisangopempherera amalonda athu ayi. Aliyense wa ife, kuyambira bambo mfumu ndi akuluakulu a tchalitchi, adzifunse ngati dzina lake lili m'kabuku ka mayi wogulitsa mandasi pa Mpingu, ka telala, kapena ka mwini chigayo. Ngati lilimo, apite akalipire Lamulungu lisanafike, ngakhale pang'onopang'ono, ndipo aone ndi maso ake dzinalo likufufutidwa.