Kutsata mau a wowerenga: nzeru kapena ulesi?

Mtsikana wina wa giredi 11 kusukulu kwathu anandiuza kuti watsiriza Americanah, buku la Chimamanda Ngozi Adichie. Ndinakondwa, ndipo ndinamufunsa kuti tsopano atenga buku liti la mlembi yemweyo. Iye anati: “Aphunzitsi, ine ndifuna cabe buku lina limene awerenga amai aja.” Apa m’pamene ndinadziwa kuti bukulo sanaligwire m’manja. Analimvetsera pafoni, m’minibasi popita kusukulu ndi usiku malaiti akapita. Amai amene anali kunena ndi Adjoa Andoh, katswiri wa masewero wa ku Britain, amene ambiri a inu mumudziwa monga Lady Danbury mu Bridgerton.

Poyamba zinandiwawa. Ife aphunzitsi tinazolowera kuti buku ndi la amene analilemba, wina aliyense ndi wothandizira cabe. Koma nditakhala pansi ndinaona kuti mwanayo sanalakwe kwenikweni. Kusankha buku lomvetsera, lija pa intaneti amati audiobook, cifukwa ca mau a wowerenga ndi nzeru ndithu, malinga ngati udziwa cimene mauwo akucita ku bukulo.

Khalidweli si lacilendo kuno kwathu. Funsani ambuye anu za Julius Chongo ndi pulogalamu yake ya Poceza m’Madzulo, imene inali kumveka pa wailesi ya dziko lino m’zaka za m’ma 1970. Anthu posonkhana pa wailesi sanali kufunsa mutu wa nthano ya tsikulo. Anali kudikira Chongo. Munthu mmodzi yemweyo anali kukhala mfumu, nkhalamba, mkazi wolongolola ndi mnyamata wocenjera, pongosintha mau. Pambuyo pake Ernst Wendland analemba zina mwa nkhanizo papepala ndi kuzimasulira m’Cizungu. Mukaziwerenga mupeza kuti nkhani zonse zilimo, koma kupuma kwake, kunong’ona kwake ndi kuthamanga kwa lilime lake zinatsalira pa wailesi.

Nanga wowerenga amacita ciani kwenikweni? Tengani liu limodzi loti “zikomo”. Lingakhale kuthokoza, lingakhale kupempha njira mumsika, lingakhalenso kunyoza munthu amene wakukhumudwitsa. Papepala zilembo zake n’zimodzimodzi. Amene awerenga mokweza ayenera kusankha kuti ndi zikomo uti, ndipo amasankha motero pa mzere uliwonse kufikira buku litatha. Iye ndiye aganiza poti apume, liu loti alikweze, munthu woti timukhulupirire ndi woti timukaikire. Conco wowerenga ndi womasulira woyamba wa buku. Ukamvetsera, ukulandira buku pamodzi ndi maganizo ake pa bukulo.

Pa Americanah, mwana wanga wa sukulu anagwa m’manja abwino. Mbali yaikulu ya bukuli ikamba za kalankhulidwe. Ifemelu atafika ku America aphunzira kupinda lilime kuti amveke ngati wa komweko, ndiyeno tsiku lina aganiza zoleka ndi kubwerera ku Cizungu cake ca ku Nigeria. Papepala timangouzidwa kuti zinatero. Andoh amacititsa kuti khutu lizimve lokha, posinthasintha pakati pa Cizungu ca ku Lagos, ca ku America ndi ca ku London. Apa mau a wowerenga akugwira nchito imene mlembi anaiyamba.

Citsanzo cina ndi Born a Crime, buku la Trevor Noah la mu 2016, limene awerenga mwini wake. Noah asimba mmene kudziwa zitundu zambiri, monga Cixhosa, Cizulu ndi Afrikaans, kunamutsegulira njira pakati pa anthu amene akanamukana cifukwa ca khungu lake. Ife amene sitidziwa Cixhosa, tikafika pa mau otere papepala timangolumpha. Pomvetsera sitingalumphe, ndipo timamva mmene mnyamatayo anali kusinthira lilime kuti apulumuke. Mu 2018 analandira mphoto ya Audie monga mwamuna wowerenga bwino koposa. Bukuli ndingalangize aliyense kuti ayambe ndi kulimvetsera.

Koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi wakuti mau okoma amabisa buku lofooka. Ine ndinamvetserapo buku lina la cikondi kwa maola ambiri cifukwa wowerenga anali ndi mau ozizira bwino. Litatha ndinayesa kuuza mnzanga nkhani yake, ndipo ndinapeza kuti ndilibe conena. Ma bundle anapita, nthawi inapita, m’mutu simunatsale kanthu. Kuyambira pamenepo ndimadziyesa motere: ndikatsiriza caputala, ndimazima foni ndi kudzifunsa cimene cacitika ndi cifukwa cake. Ngati cimene ndikumbuka ndi kukoma kwa mau cabe, ndiye kuti ndinali kumvetsera nyimbo yogonetsa mwana.

Msampha waciwiri ndi kuiwala kuti kawerengedwe kamene wamva ndi kamodzi mwa kambiri. Mabuku a Harry Potter anawerengedwa ndi Stephen Fry ku Britain ndi Jim Dale ku America. Nkhani ndi imodzi, koma Hagrid wa Fry ndi Hagrid wa Dale ndi anthu awiri osiyana, ndipo okonda mabukuwo amakangana mpaka lero kuti weniweni ndi uti. Onse awiri ndi mamasulidwe. Amene wamvetsera cabe amatenga munthu wopangidwa kale, pamene amene wawerenga yekha amadzipangira wake m’mutu. Luso limeneli la kudzipangira mau m’mutu ndilo limafunika pa mayeso, pamene uli wekha ndi pepala popanda wokuwerengera.

Tsono mtsikana uja ndinamuyankha bwanji? Sindinamuletse kutsata Andoh. Ndinamuuza kuti afune The Old Drift, buku la mu 2019 la Namwali Serpell, mlembi wobadwira mu Lusaka, limene linapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020. Andoh ndi mmodzi mwa atatu amene aliwerenga, pamodzi ndi Richard E. Grant ndi Kobna Holdbrook-Smith. M’bukuli muli Kalingalinga, muli Edward Mukuka Nkoloso ndi maloto ake a kupita kumwezi, muli ngakhale udzudzu umene umalankhula. Mau amene iye anawakonda pa nkhani ya ku Nigeria anamubweretsa pakhomo pake penipeni. Uwu ndiwo ubwino waukulu wa kutsata wowerenga: amakufikitsa ku mabuku amene wekha sukanawatola.

Ndinamupatsanso nchito. Owerenga atatuwo ndi akatswiri, koma palibe anakulira mu Zambia: Andoh anabadwira ku Bristol, Grant ku Mbabane, Holdbrook-Smith ku Accra. Pa bukuli woweruza ndi iye, mwana wa mukomboni, amene adziwa mmene kondakitala amaitanira Kalingalinga ndi mmene amai a pamsika amachulira maina athu. Ndinamuuza kuti alembe pamene mau agwirizana ndi Lusaka amene iye adziwa, ndi pamene aona kuti akanawerenga mwina. Akatero waleka kungomeza, wayamba kuweruza.

Cimene cindidetsa nkhawa n’cakuti m’Cinyanja mulibe owerenga oti tiwatsate. Ndikafunafuna pafoni, zimene ndipeza kawirikawiri ndi Baibulo ndi maulaliki. Kwinaku makampani ayamba kugwiritsa nchito mau a makina. Apple inayamba kutulutsa mabuku owerengedwa motero mu 2023. Tikacedwa, nthano zathu zidzayamba kuwerengedwa ndi makina amene sadziwa kusiyanitsa zikomo wothokoza ndi zikomo wonyoza. Foni imene mumamvetserapo mabuku a ena ijambulanso mau. Ngati muli ndi mnzanu amene alemba nkhani, m’pempheni cilolezo, mukhale m’cipinda cabata, muiwerenge mokweza kawiri kapena katatu, ndiyeno mujambule. Mudzaona nokha kuculuka kwa zosankha zimene wowerenga amapanga pa tsamba limodzi.