Tidawachotseranji M'kalasi Ana a Othaŵa Nkhondo?

Munthu wothaŵa nkhondo sakhulupirira msanga. Adaona mnansi wake akusanduka mdani, choncho mawu okoma a akuluakulu samufika pamtima. Chimene chimamukhazika mtima pansi ndi kuona mwana wake akubwera kuchokera kusukulu ndi kope lochongedwa, akuseŵera m'Chicheŵa ndi anzake a ku Ndirande kapena ku Bangwe.

Nchifukwa chake sitidakondwe nazo za mu 2023, pamene boma lidalamula kuti othaŵa kwawo onse okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Lamulolo lilipo ndithu, sitikulikana. Koma msasa umenewu, wotsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu osaposa 12,000, udali kale ndi anthu oposa 50,000, ndipo sukulu zimene bungwe la Jesuit Refugee Service limayendetsa kumeneko zidali zodzaza. Ana a mabanja a ku Burundi, Rwanda ndi Congo, ena obadwira konkuno, adasiya maphunziro chaka chili pakati.

Ife amene tidasunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi nkhondo yawo isanathe mu 1992, kodi chikadativuta nchiyani kudikira kuti anawo ayambe alemba mayeso?