Nyanja ya M'timabuku Tokopa Alendo

Chaka ndi chaka eni malo ogona alendo ndi makampani oyendetsa alendo amatulutsa timabuku tonena za kukongola kwa nyanja ya Malawi. Masiku ano mawu ndi zithunzi zomwezo zimapezekanso pa intaneti. Munthu wa ku London kapena wa ku Johannesburg amene akukonzekera tchuthi amadalira timabukuti posankha mwezi wonyamukira, bwalo la ndege lofikira ndiponso kuchuluka kwa ndalama zoti atenge. Popeza anthu amataya chuma chawo chifukwa cha zimene awerengamo, timabukuti tiyenera kuunikidwa mofatsa monga momwe amaunikira ndakatulo kapena nthano.

Poyamba n'koyenera kuvomereza kuti zambiri zolembedwamo n'zoona. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo madzi ake ndi oyera moti munthu amaona nsomba zikusambira pansi. Malo otetezedwa a ku Cape Maclear anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse chifukwa cha nsomba za mbuna, zimene mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ndi yotalikadi mamita 3,002. Alembi a timabukuti alinso ndi luso losankha mawu otsekemera. Vuto lagona pa zimene amasiya dala osanena.

Chosiyidwa choyamba ndi mtunda. Pa tsamba limodzi pamaoneka mchenga wa ku Nkhata Bay, njovu za ku Liwonde ndi nkhungu ya pa Mulanje, ngati kuti malo onsewa ali m'mudzi umodzi. Dziko la Malawi ndi lopapatiza koma lalitali, ndipo mabwalo ake aakulu a ndege ndi awiri: la Kamuzu ku Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe, ndi la ku Chileka pafupi ndi Blantyre. Alendo ambiri ochokera kutali amasinthira ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo amayenera kudziwiratu bwalo loti akatsikire asanagule tikiti. Wofuna gombe la Senga Bay ku Salima, kapena wolunjika ku Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Nyika, achita bwino kutsikira ku Lilongwe, pakuti Salima ali pa ulendo wa maola pafupifupi awiri kuchokera kumeneko. Wofuna kukwera Mulanje, kuona phiri la Zomba kapena nyama za ku Majete ndi Liwonde ayenera kutsikira ku Chileka. Cape Maclear ndiye ali pakatikati: wochokera ku Lilongwe amadzera ku Dedza n'kutsika msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, pamene wochokera ku Blantyre amadzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi. Wofuna zonse ziwiri, phiri ndi nyanja ya kumpoto, angathe kufikira pa bwalo limodzi n'kudzanyamukira pa linalo. Malangizo ofunika chotere amatha m'mizere isanu yokha, komabe kawirikawiri timabukuti timangoti mlendo afike ku Malawi. Wotsikira pa bwalo lolakwika amaonongera tsiku lathunthu m'galimoto. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa wolakwa ndi iye amene anadziwa njira n'kukhala chete.

Chosiyidwa chachiwiri ndi nyengo. Nyanja ya pa chithunzi imakhala ya bata nthawi zonse, thambo lili mbee. Msodzi aliyense amadziwa kuti m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mphepo ya mwera imautsa mafunde otha kugubuduza bwato. Mlendo amene walipiriratu ulendo wopalasa bwato kupita ku zilumba ayenera kuuzidwa zimenezi. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, misewu yafumbi imaterera ndipo mitsinje ya pa Mulanje imadzaza mwadzidzidzi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anapha anthu ambiri m'chigawo cha kummwera, nakokolola misewu ndi milatho. Mu 2024 madzi a m'nyanja anakwera mpaka kumiza mchenga ndi kulowa m'malo ena ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Kabuku konena kuti mwezi uliwonse ndi wabwino kamaika moyo wa wowerenga pa chiswe.

Nkhani ya matenda nayo imabisidwa m'zilembo zazing'ono kumapeto, mwinanso siitchulidwa n'komwe. M'madzi osaya, makamaka m'mabango ndi pafupi ndi midzi, mumakhala nkhono zofalitsa likodzo. Udzudzu wa malungo ndi wochuluka m'mphepete mwa nyanja. Amishoni a Livingstonia anamanga malo awo oyamba ku Cape Maclear mu 1875, koma mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo chimodzi mwa zowasamutsa chinali malungo. Manda a anzawo akadalipo mpaka lero. Matenda onse awiriwa ali ndi mankhwala, ndipo mlendo wochenjezedwa amagona m'masikito, napita kukayezetsa akabwerera kwawo. Kumubisira ndiko kumusandutsira nyanja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Cholakwa chachikulu koposa zonse ndi kusowa kwa anthu. Pa zithunzi zambiri gombe limakhala lopanda munthu, kupatula mlendo wogona pa mpando ndi wantchito womubweretsera chakumwa. Komatu mudzi wa Chembe ku Cape Maclear uli ndi anthu zikwizikwi. M'mamawa amayi amatsuka mbale ndi kuchapa pa gombe, ana amasambira, asodzi amasoka maukonde, ndipo usipa umayanikidwa pa mathandala. Timabukuti timakonda dzina lakuti nyanja ya nyenyezi, limene anthu amati linachokera kwa David Livingstone, amene anafika pa nyanjayi mu 1859. Zimene zimanyezimira pamadzi usiku ndi nyali za asodzi. Alembi amasunga kuwalako n'kufufuta munthu wogwira nyaliyo. Chimodzimodzi sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, imajambulidwa ngati chombo chosangalalira, chikhalirecho kwa anthu a ku Likoma ndi Chizumulu yakhala njira yobweretsera chimanga, simenti ndi odwala.

Kufufuta anthu pa chithunzi kuli ndi zotsatira zake. Mlendo amene analonjezedwa gombe lopanda munthu amaona asodzi ngati osokoneza mtendere umene waulipirira. Mwini malo, pofuna kukwaniritsa lonjezo la m'kabuku, amamanga mpanda mpaka kufika m'madzi, ndipo anthu a m'mudzi amazungulira mtunda wautali kuti akatunge madzi pa nyanja imene makolo awo anamwamo. Chimene chinayamba ngati chithunzi chokongola chimathera pa mlandu wa malo kwa mfumu.

Ena angatsutse kuti kabuku kotsatsa malonda si buku la sukulu, ndipo palibe wogulitsa amene amanyoza katundu wake. Mfundoyi ili ndi mphamvu, pakuti ntchito zokopa alendo zimadyetsa mabanja ambiri: ophika, opalasa mabwato, osema ziboliboli ndi onyamula katundu pa Mulanje. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo zimene akanene kwawo ndizo zidzabweretse ena kapena kuwabweza. Wonamizidwa sabweranso. Wouzidwa zoona amafika atakonzeka, ndipo mwera ukaomba sadandaula chifukwa anauyembekezera.

Kabuku kabwino kayenera kukhala ndi mapu osonyeza mabwalo awiri a ndege ndi maola a ulendo, kalendala ya mvula ndi mphepo, chenjezo la matenda lolembedwa poonekera, ndiponso nkhope ndi ntchito za eni nyanja. Ophunzira a lero ndiwo adzalembe timabuku ta mawa, ndipo ena mwa iwo anakulira pa magombe omwewo. Amenewa akudziwa kale mwezi umene mwera umayamba ndi dzina la mudzi umene uli kuseri kwa mpanda.