Babatoni, Gitala ndi Khutu la Omvera

Mu February 2017 anyamata awiri a ku Lilongwe, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, adakwera pansanja ya Sauti za Busara ku Zanzibar. Unali ulendo wawo woyamba kunja kwa Malawi. Zoyimbira zawo zinali zomwe zija ankayenda nazo m'misewu ya mu Lilongwe: babatoni ya nsambo imodzi, gitala ya nsambo zinayi, ndi ng'oma imene Yosefe amaikhalira n'kumaigunda ndi chidendene. Kuchokera pamenepo Madalitso Band idayamba kuitanidwa ku Ulaya, ndipo kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva idatulutsa zimbale zawo, Wasalala mu 2019 ndi Musakayike mu 2022.

Awiriwa sadasinthe kayimbidwe kuti akondweretse alendo. Zimene adavina anthu a ku Zanzibar ndi zomwezo zimene anthu a mu Lilongwe ankazidutsa kwa zaka zambiri popita kukagula ndiwo, ena n'kuponyapo kandalama, ambiri osacheuka n'komwe.

Si iwo okha. Malawi Mouse Boys ankagulitsa mbewa m'mbali mwa msewu pamene Ian Brennan adawamva, ndipo chimbale chawo He Is #1 chidatuluka mu 2012. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay adadziwika kanema wake akuyimba ndi babatoni atafala pa intaneti. Lazarus Chigwandali ankayimba m'misewu ya mu Lilongwe asanajambule Stomp on the Devil, chimbale cha mu 2019. Ngakhale a Daniel ndi a Donald Kachamba adakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967 akuyimba mu Blantyre. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo woona mndandandawu akhoza kuvomera msanga. Koma amene adayamba kuima n'kutchera khutu kwa Madalitso Band ndi Mmalawi, Emmanuel Kamwenje, yemwe adawajambula mu 2009. Khutu lilipo kuno komwe. Chimene chimasowa ndi chizolowezi chomvetsera woyimba amene dzina lake silinamveke pa wailesi, komanso kudziwa chimene munthu ayenera kufunafuna akamamvetsera.

Choyamba chili m'manja ndi m'mapazi. Nyimbo zambiri za gitala ndi banjo za kuno zimazungulira pamakodi atatu kapena anayi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wosadziwa amati n'zophweka. Koma chinthu chobwerezabwereza sichibisa cholakwa: dzanja likangochedwa pang'ono, ovina amamva m'miyendo mwawo. Yosefe amachita ntchito ziwiri nthawi imodzi, chidendene chikusunga liwiro la nyimbo pamene dzanja likukwapula nsambo, ndipo ziwirizi sizikanganirana njira ngakhale nyimbo italike chotani. Pamwamba pa maziko amenewo babatoni ya Yobu imayenda momasuka. Imapereka besi, koma nsambo yake ikamatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina imamveka ngati ikuyankha woyimbayo. Gasper Nali amachita zofanana payekha, botolo kudzanja limodzi, kamtengo kudzanja linalo, phazi lili pang'oma yachikopa. Luso lotere limakulira mumsewu chifukwa msewu sukakamiza aliyense kuima. Woyimba amaona ndi maso ake pamene munthu wayamba kutopa, ndipo amaphunzira kusintha kanthu kakang'ono, kukweza mawu, kusiya mpata, kubweza kolasi msanga, kuti wodutsayo akhalebe.

A Daniel Kachamba, amene adamwalira mu 1987, adafika patali kwambiri pa njira imeneyi. Ankachotsa nsambo imodzi pagitala n'kutsala ndi zisanu, koma womvera chojambulidwa chawo amaganiza kuti pali anthu angapo: chala chachikulu chikuyendetsa besi, chala china chikuyimba chuni, pakati pakenso pakumveka kugunda kosunga nthawi. Kwela, sinjonjo ndi rumba zimene adazimva ali ku Harare ndi kwawo ku Chileka adaziumba kukhala zawozawo. Mnyamata wa lero amene wangophunzira makodi pa YouTube n'kumakwapula nsambo zonse pamodzi ali ndi zambiri zoti atole kwa mkuluyu, ndipo womvera amene adamvapo a Kachamba sachedwa kusiyanitsa gitala yongoperekeza mawu ndi gitala yoyankhula.

Chachiwiri, chimene chimalekanitsa wopeka nyimbo ndi woyimba wamba, ndi m'mene mawu akhalira pa chuni. Chichewa chili ndi kayendedwe kake. Mawu ake amathera ndi lembo la liwu, ndipo pamapeto pa chiganizo phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto limakokeka pang'ono. Liwu limakweranso n'kutsika mkati mwa mawu. Wopeka waluso amamva zimenezi asanagwire gitala, choncho chuni chake chimatsata m'mene munthu angayankhulire chiganizocho. Nchifukwa chake nyimbo za a Allan Namoko, katswiri wosaona wa ku Thyolo amene ankayimba ndi Chimvu River Jazz Band, zimamveka ngati munthu akukudandaulira muli awiri. Palibe mawu opindidwa kuti akwane. Koma achinyamata ambiri amayamba ndi biti yogula kapena yopangidwa kale pa kompyuta, yobadwira ku Lagos kapena ku Johannesburg, kenaka n'kumakankhiramo Chichewa. Zotsatira zake n'zakuti mawu ena amadulidwa pakati, ena amakokedwa pamalo olakwika, ndipo womvera amavina koma sasunga mzere ndi umodzi womwe. Kubwereka kulibe mlandu, a Kachamba nawonso adabwereka. Mlandu uli pa kusiya chiyankhulo chikuvutika m'nyumba mwake momwe.

Palinso nkhani ya zimene nyimboyo ikunena. A Namoko adayimba za ana amasiye, ndipo chimbale chawo chimene chidatuluka kunja chimatchedwa Ana Osiidwa. A Giddes Chalamanda, amene adabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, amapeka nyimbo zotchula anthu ndi maina awo. Linny Hoo ndi nyimbo ya bambo kwa mwana wake wamkazi, yonena za zinthu zazing'ono za pakhomo. Wopeka wabwino amasankha munthu mmodzi, khomo limodzi, vuto limodzi, ndipo omvera amadzipezamo okha. Wopeka wosakhwima amayimba za chikondi chopanda mwini, cha mkazi wopanda mudzi, ndi mawu amene akadatha kukhala m'nyimbo ina iliyonse. Pomvera woyimba watsopano n'kofunika kudikira vesi yachiwiri. Ambiri amathira nzeru zonse mu kolasi, popeza ndi imene idzadulidwe n'kuikidwa pa TikTok, ndipo vesi yachiwiri imangobwereza yoyamba. Amene vesi yake yachiwiri imapititsa nkhani patsogolo, ameneyo ndi wofunika kumufunsa dzina.

Lawi, amene dzina lake lenileni ndi Francis Phiri, adaonetsa kuti zimenezi zimagulitsanso malonda. Chimbale chake cha mu 2013, mmene muli Amaona Kuchedwa, chidatuluka pa nthawi imene nyimbo za pakompyuta zinali zitadzaza mawailesi, koma chidalowa m'minibasi ndi m'maukwati momwe. Mphamvu yake ili pa kusafulumira. Amalola mzere kutha, n'kusiya gitala ipume, asanayambe wina. Faith Mussa adatenga njira ina, yoyimba yekha zida zingapo pansanja, ndipo omvera amaona nyimbo ikumangidwa pamaso pawo. Agorosso amayimba m'Chisena cha kwawo ku chigwa cha Shire, ndipo ngakhale wosamva chiyankhulocho amazindikira kuti mawu ndi gitala zakulira pamodzi.

Zonsezi sizimveka bwino pa foni. Situdiyo ya masiku ano imatha kuwongola mawu opotoka, kudula mpweya, ndi kuunjika mawu a munthu mmodzi mpaka amveke ngati kwaya. Zimenezi n'zida chabe, ndipo zathandiza achinyamata ambiri amene kale akadadikira mwayi wa ku situdiyo ya MBC kapena chifundo cha O.G. Issa ku Limbe kuti kaseti yawo ifike m'misika. Koma zimabisa zinthu ziwiri zimene pansanja sizibisika: ngati woyimbayo ali ndi mpweya wokwanira mzere umene adalemba, ndiponso ngati amatha kumva anzake. Woyimba amene amangotsegula CD n'kumakuwa pamwamba pake, uku akuuza anthu kuti akweze manja, sanayimbe pamaso pa anthu. Wangobweretsa wailesi pansanja. N'zoona kuti bandi imadula, pakufunika malo oyeserera, galimoto ndi malipiro a anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo wongoyamba kumene alibe ndalama zotere. Koma gitala imodzi ndi mnzake mmodzi womenya ng'oma sizifuna lole.

Nkhani ya a Giddes imaonetsa bwino kufunika kwa zoyimba zosabisa kanthu. Mkuluyu adayimba zaka zambirimbiri ndi gitala yake, mpaka adakafika ku Library of Congress ku Washington mu 2016. Koma mbadwo wa mafoni udawadziwa bwino mu 2020, pamene Patience Namadingo adakhala nawo pansi n'kuyimba nawo nyimbo zawo zakale molumikiza. Kanema wawo sadadalire zodabwitsa. Anthu adaona nkhope ya gogo wa zaka 90 akuyimba, adamva mawu okalamba osakonzedwa, ndipo Linny Hoo idazungulira dziko lonse lapansi. Namadingo adachita chimene woyimba wodziwika aliyense angathe: adabwereketsa omvera ake kwa munthu wina n'kudzichepetsa pambali pake. Adachitira nkhalamba, koma njira yomweyo ndi yotseguka kwa mtsikana wa ku Ndirande kapena mnyamata wa ku Chibavi amene ali ndi nyimbo khumi m'kope.

Kale njira yophunzirira inali yoonekeratu. Ku Balaka, Alleluya Band, imene idayamba mu 1978 pansi pa mpingo wa Katolika, idalera a Paul Banda, Lucius Banda, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo. Mnyamata ankayamba ndi kunyamula zida, kenaka kuyankhira kumbuyo, kenaka kupatsidwa nyimbo imodzi, ndipo pofika poti ajambule yekha amakhala atayimba kale pamaso pa anthu kosawerengeka. Ku Chileka zidayendanso chimodzimodzi m'mabanja a a Kachamba ndi a Fumulani, mpaka kudzafika pa Evison Matafale ndi Black Missionaries. Ku Blantyre, French Cultural Centre inali malo amene munthu ankatha kukhala pansi n'kumvera, osati kuvina kokha, ndipo kutsekedwa kwake mu 2011 kudasiya dzenje limene oyimba adalimva kwa zaka.

Malo otere sanatheretu. Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe imaphunzitsa achinyamata kuyimba ndi zida, ndipo mpikisano wake ndi umene udatengera Body, Mind and Soul ya ku Mzuzu ku Ulaya. Jacaranda Cultural Centre ku Blantyre yakhala ikuchititsa Sounds of Malawi, kumene woyimba amayimba ndi zida zochepa n'kufotokoza za nyimbo zake. Tumaini Festival, imene Menes La Plume adayambitsa mu 2014 ku Dzaleka m'boma la Dowa, ndi yaulere, ndipo kumeneko oyimba ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amasinthana nsanja ndi Amalawi. Womvera wofuna kumva m'mene gitala ya Chikongo imalukira nyimbo safunika pasipoti. Lake of Stars, imene idayambira ku Chintheche mu 2004, ndi Sand Music Festival imene adayambitsa Lucius Banda, nazonso zimakhala ndi maina ang'onoang'ono pandandanda.

Vuto ndi nthawi imene maina ang'onoang'onowo amapatsidwa. Pa zoyimba zambiri wongoyamba kumene amakwera pansanja dzuwa lili pamutu, anthu akadali m'njira, okonza zokuzira mawu akadali kulumikiza mawaya. Amapatsidwa nyimbo ziwiri, osayesa n'komwe maikolofoni, kawirikawiri osalipidwa, n'kuuzidwa kuti wapeza mwayi woonekera. Kwa woyimba wa gitala imodzi zimenezi n'zoopsa kuposa kwa wina aliyense, chifukwa luso lake lonse lili m'mawu, ndipo mawu akamira m'phokoso la besi palibe chimene chatsala. Nyimbo ziwiri sizikwananso kuonetsa wopeka. Yoyamba amayimba akunjenjemera, yachiwiri ndi ija akuganiza kuti anthu aikonda. Nyimbo imene adaipeka usiku ali yekha, yosavinika, imene ingasonyeze ngati ali ndi chonena, imakhala yachinayi kapena yachisanu, ndipo nthawi yake sifika.

Okonza zoyimba akhoza kusintha zimenezi popanda kuwonjezera ndalama zambiri: theka la ola m'malo mwa mphindi khumi, kuyesa zida anthu asanalowe, ndi kumuika watsopanoyo pakati pa maina awiri akuluakulu madzulo, pamene anthu adzaza kale. Mawailesi, amene tsopano alipo ambiri mpaka m'maboma, akhoza kuitana woyimba ndi gitala yake mu situdiyo monga MBC inkachitira, m'malo modikira kuti abweretse nyimbo pa fulashi. Omvera nawo ali ndi gawo lawo. Amene wagula tikiti ya Black Missionaries kapena ya Namadingo walipiriranso oyimba onse oyambirira, ndipo akafika mochedwa amadzimana yekha maola awiri a nyimbo zimene sadzazimva pa wailesi iliyonse chaka chimenecho.