Mfumu ya Wakanda yaimikidwa pabwalo

T'Challa, wotchedwanso Black Panther, anaonekera koyamba mu 1966, m'magazini ya Fantastic Four nambala 52, atapekedwa ndi azungu awiri a ku New York, Stan Lee ndi Jack Kirby. Chiyambire nthawiyo wakhala chonyadira cha owerenga akuda: mfumu ya Wakanda, dziko lopeka la mu Africa lomwe mtsamunda sanalipondeko, lolemera ndi chitsulo cha vibranium. Patatha zaka 50, kampani ya Marvel inapereka cholembera kwa Ta-Nehisi Coates, mlembi wa Between the World and Me. Buku lake loyamba la nthano ya mfumuyi, Black Panther: A Nation Under Our Feet, lomwe zithunzi zake wajambula Brian Stelfreeze, silikuombera mfumuyo m'manja. Likuiimika pabwalo kuti iyankhe mlandu.

Nkhani ikuyambira kumgodi, kumene antchito akuukira mfumu yawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya za pano zikuchokera kwa ana a m'nyumba momwemo. Chomwe chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya Aneka, mmodzi mwa asilikali achikazi oteteza mfumu otchedwa Dora Milaje. Iye wapha mfumu ya m'mudzi yomwe inkachitira nkhanza atsikana, ndipo chilango chake ndi imfa. Ayo, wokondedwa wake, akudandaula kwa Ramonda, mayi wa kunyumba yachifumu, koma pempholo likukanidwa, choncho akumuthawitsa m'ndende. Awiriwa akuyamba kuteteza amayi akumidzi omwe likulu linawaiwala. Aliyense amene anaonapo mlandu wa mtsikana ukuzizira chifukwa wolakwayo ndi munthu wa dzina, masamba amenewa sawawerenga mopepuka.

Palinso mphunzitsi wachikulire, Changamire, yemwe amatsutsa zoti dziko lonse lipachikidwe pa munthu mmodzi. Dzinali achibale athu a ku Zimbabwe alizindikira msanga, pakuti linali la mafumu a Arozvi. Apa m'pamene Coates waposa ambiri: munthu wakuda sanamuike m'nthano kuti angokongoletsa tsamba, wamupatsa dziko lokhala ndi ndale zake ndi zipsera zake.

Zofooka zilipo. Coates anazolowera nkhani zazitali, ndipo nthawi zina mawu amachuluka mpaka kutsamwitsa zithunzi zokongola za Stelfreeze ndi mitundu ya Laura Martin. T'Challa mwiniwake amalingalira kwambiri kuposa kuchita. Wowerenga watsopano asokonezekanso, chifukwa chigumula chomwe Namor anagwetsera Wakanda ndi nkhondo ya Thanos zikungotchulidwa ngati kuti aliyense akuzidziwa. Bukuli lili ndi zigawo zinayi zokha, ndipo likutha mlandu usanagamulidwe.

Ngakhale zili choncho, ndi buku loyenera kuliwerenga kawiri. Kumapeto kwake aikako nthano ija ya 1966. Yambani ndi imeneyo, kenako mubwerere kutsamba loyamba.